Ulendo wa ku Malomo Umene Unathera m'Munda mwa a Nankhoma

Ndiyambe ndi kunena kuti ine ndine mkulu wa mpingo. Bodza ndinalisiya kalekale, ndipo amene angakayike zimene ndilembe pano akafunse ophunzira makumi awiri ndi awiri amene ndinayenda nawo, ngakhale atatu mwa iwo mpaka lero amandipatsa moni wa pamphuno.

Ndimaphunzitsa za kasamalidwe ka nthaka pa sukulu ina yaukachenjede ku Lilongwe. Kwa zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikujambula phiri pabolodi, kugwetsapo mvula ya choko, kenako kufufuta theka la phirilo ndi nsanza kuti ana aone mmene nthaka imakokolokera. Mapiri amene ndafufuta ine, mutawaunjika pamodzi, Ntchisi yense angaoneke ngati chulu. Tsiku lina ndinatopa, ndipo ndinalembera akuluakulu a sukulu kupempha kuti aphunzitsi tizitenga ophunzira kukaona mapiri enieni ndi alimi enieni.

Komiti inakhalira pempholo zaka zitatu, ngati nkhuku yofungatira mwala. Kenako inaswa. Anati atilola ulendo umodzi woyesera. Ukayenda bwino, chaka chamawa makalasi onse, a zaulimi, a zaumoyo, a zauphunzitsi, aziyenda ndi aphunzitsi awo. Ukalephereka, nkhani ithere pomwepo, ndipo ine ndisadzaitchulenso ngakhale kutulo. Kuti pasakhale zonamizana, anatipatsa mboni: Mayi Kachale a ku ofesi ya zamaphunziro, amene lipoti lawo ndilo likagamule mlandu wonse.

Mayi Kachale anasekapo kamodzi chilembedwereni ntchito, ndipo amene analipo amati mwina kunali kuyetsemula. Anabwera ndi fayilo, wotchi yapamkono ndi ndandanda ya ulendo yotayipa bwino. Sikisi koloko kunyamuka. Eyiti koloko kuima pa Chezi, kuona minda ya m'mbali mwa phiri. Leveni koloko kufika ku Malomo, kumene kalabu ya alimi inkatidikira kuti itionetse mmene imatetezera nthaka. Folo koloko kubwerera.

Kunali kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa dzulo lake. Sikisi koloko inatipeza ine ndi Mayi Kachale titaima awiriwiri pa geti ngati tikudikira wojambula zithunzi zaukwati. Hafu pasiti sikisi kunatulukira dalaivala wathu, a Zimba, akupukuta pakamwa. Seveni koloko ophunzira anayamba kudontha mmodzimmodzi. Womaliza anali Madalitso, mnyamata wobadwira mu mpanda wa njerwa mumzinda, amene anabwera ndi nsapato zoyera mbee ndi sutikesi ya matayala.

"Madalitso," ndinatero, "tikubwerera lero lomwe."

"Ndikudziwa, aphunzitsi. Umu muli za lero zokha."

Tinanyamuka eyiti koloko itatsala pang'ono. Mayi Kachale anayang'ana wotchi, analemba kanthu mufayilo. Kulemba kwawo kunkamveka mpaka mpando wakumbuyo, injini ikulira.

Pa Chezi tinagwirizana kuti tiima mphindi khumi zokha. Basi isanaime n'komwe, mawindo onse anadzaza mabeseni: tomato, anyezi, kabichi, mango. Ine ndinatsika, ndinaima pa mwala, ndinaloza phiri ndi kuyamba kufotokoza za kutsetsereka kwa malo ndi liwiro la madzi. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, mwina kuposa masiku onse a moyo wanga. Nditacheuka ndinapeza wondimvera ali mmodzi, mayi wogulitsa anyezi, beseni lili pamutu.

"Mwatha, abusa?" anandifunsa.

"Sindine m'busa, mayi."

"Ayi, chabwino. Nanga anyeziyu?"

Ophunzira anga anali atamwazika msika wonse, akunenerera mitengo ngati akukakhazikitsa mabanja mawa lake. Tadala, mtsogoleri wa kalasi, mtsikana amene sanaphonyepo funso la mayeso chibadwire, ndiye anawasonkhanitsa ndi likhweru. Pamene tinkanyamuka, basi inali ndi kabichi wokwanira maliro atatu. Mayi Kachale analembanso.

Tinakwera chitunda kupita ku Dowa boma, basi ikubuula ngati munthu wodya zaulere pa ukwati. Titafika pa boma, a Zimba anaimitsa galimoto, anazimitsa injini, ndi kutembenuka.

"Bwana, pano pali njira ziwiri. Ya phula, yozungulira ku Mponela, tikafika dzuwa litapendeka. Koma pali yachidule, yafumbi, yodula m'mapirimu mpaka ku Ntchisi. Kuchoka apo, Malomo ndi pakhomo."

"Mvula yadzuloyi sinauononge msewu umenewo?"

"Bwana, njira imeneyi ine ndinafunsirako mbeta kawiri. Mwala uliwonse umandidziwa."

"Mbetazo zinakulolani?" anafunsa Mayi Kachale. Awa anali mawu awo oyamba chichokereni ku Lilongwe.

"Nkhani ya mbeta ndi ina, mayi," anatero a Zimba, akuliza injini.

Ndinayang'ana wotchi ya Mayi Kachale, ndinayang'ana ndandanda, ndipo ndinasankha chidule. Tchimo limeneli ndi langa, ndipo ndinalivomera kale pamaso pa mpingo.

Tinayenda bwino kwa ola lathunthu, ngati kuyenda bwino n'kuluma lilime lako lomwe pa bampu iliyonse. Kenako, pokhota pena, tinaona nthambi zamasamba zitayalidwa pamsewu. A Zimba anachepetsa liwiro, anavula kapusi. Wailesi inazima. Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti masamba pamsewu ndiye kuti patsogolo pali maliro.

Ine ndinaona mwayi. Ngati pa nthawi talephera, ndinaganiza, Mayi Kachale aone kuti pa mwambo ana athu ndi oleredwa. Ndinalamula kuti aliyense atsike, tidutse wapansi, basi izitsatira pang'onopang'ono. Atsikana anamanga zitenje, anyamata anavula zipewa. Tadala, amene ndi wa kwaya, anayambitsa nyimbo yachisoni motsitsa mawu, ena n'kumapolokoza. Madalitso analira. Ndikunenetsa, misozi yeniyeni, iwiri, ndinaiona ndi maso angawa.

Tinakhota mwaulemu wonse, mitu ili pansi. Tinapeza lole ya feteleza itathyoka ekiselo ya matayala, dalaivala wake ali chagada pansi pake, mapazi okha akuoneka. Masambawo anayala ndi iyeyo, kuchenjeza anzake a pamsewu. Atamva nyimbo anatulutsa mutu, anationa anthu makumi awiri ndi mphambu tikumuimbira, ndipo anadzigwiragwira pachifuwa.

"Akuluakulu," anatero, "ndinangogonako pang'ono."

Tinakweranso basi. Mayi Kachale anatembenuza tsamba.

Dzuwa lili paliwombo, tinatsikira m'kachigwa kena. Pamenepo madzi a dzulo, ochokera m'minda ya kumtunda, anali atadula msewu ndi kusiya thope lofiira. A Zimba anati, "Gwirani mipando," anaponda mafuta, ndipo basi inalowa m'thopemo mwaulemu, n'kukhala pansi ngati mlendo amene wapatsidwa mkeka. Matayala anazungulira, anatimwaza thope, anakumba, mpaka chitseko chinafanana ndi nthaka.

Tinakankha. Ophunzira makumi awiri ndi awiri, anthu odziwa dzina lachingerezi la dothi lililonse, tinakankha theka la ola, ndipo basi inasuntha. Inabwerera m'mbuyo kotalika ngati chala changa chachikulu.

Kumtunda kwa msewu, m'mbali mwa phiri, kunali anthu ngati khumi ndi asanu akulima munda umodzi, makasu akukwera ndi kutsika pamodzi, nyimbo ili pakamwa. Anali atationa kalekale. Palibe anasiya khasu. Ndinakwera komweko, Mayi Kachale ali pambuyo panga ndi fayilo yawo.

"Zikomo kuno, eni munda! Mwaswera bwanji?"

Anaweramuka mayi wina wamfupi, wa zaka ngati zanga, duku lili lothina, mikono ngati ya wosula makasu. Anzake ankamutchula a Nankhoma.

"Taswera, kaya inu alendo? Ndinu a maliro aja munkaimba kuseriku?"

Mbiri m'mapiri imathamanga kuposa basi ya sukulu. Ndinafotokoza kuti ndife a kusukulu yaukachenjede, tikupita ku Malomo kukaphunzira zoteteza nthaka, tachedwa, ndipo tikupempha amuna ochepa ndi makasu atithandize kutulutsa galimoto.

"Tikuthandizani," anatero a Nankhoma. "Tikamaliza."

"Mayi, ndi nkhani ya mphindi zochepa chabe."

"Bambo, awa ndi anzanga a kumpingo. Timalimirana mosinthana, tsiku limodzi munda umodzi. Lero ndi tsiku langa. Mawa ali kwa a Nabanda, mkuja kwa a Chisale. Akatsikira kumsewuko, wina akapeza njira ya kwawo, wina akakumbuka mbuzi, tsiku langa latha, lidzabweranso chaka chamawa. Mvula yagwa, mawa ndiyenera kudzala. Basi yanuyo sithawa. Chinyezi ndiye chimathawa."

Anawerama, khasu linapitiriza. M'mutu mwanga ndinkaona komiti itakhala mozungulira tebulo, ikugwedeza mitu, wapampando akunena kuti paja tinanena.

"Yatsala mizere ingati?" Anali Mayi Kachale.

"Kuchokera pa msuku uwo mpaka pa chulu icho," anayankha a Nankhoma osaweramuka.

"Makasu apadera angapezeke?"

Apa a Nankhoma anaweramuka, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zazitali zidendene. "Makasu alipo m'nyumbamu. Manja ndiwo sindikuwaona."

Mayi Kachale anandipatsira fayilo. Anavula wotchi, anaiika m'thumba. Anavula nsapato, anazikoleka pa nthambi ya msuku, anamanga chitenje, analavulira m'manja.

"Ine ndinakulira ku Bowe," anatero. "Tadala! Itana anzako onse. Amene sagwira khasu lero ndimulemba dzina."

Makasu khumi anabwera kuchokera m'makomo apafupi, ophunzira n'kumalandizana. Zimene ndinaona pamenepo ndidzazifotokozera adzukulu. Mnyamata wina anatema nthaka, khasu linakana kutuluka, iye n'kumalipempha. Mtsikana wina ankalima akubwerera m'mbuyo mpaka anakakhala pa chitsa. Madalitso anavula nsapato zake zoyera, anazikulunga m'shati, ndipo phazi lake litaponda dothi koyamba anafuula ngati waponda moto. Alimi anasiya nyimbo, chifukwa munthu sungaimbe ndi kuseka nthawi imodzi. Koma Mayi Kachale, abale! Khasu linkachita kulira. Amuna awiri a m'mudzimo anayesa kupikisana nawo, mmodzi anakumbuka kuti ali ndi msana.

Ine ndinaima pambali ndi fayilo, kuyang'anira, monga mwa udindo wanga. A Nankhoma anandiona.

"Awo agwira bukuwo ndi odwala?"

"Ndi aphunzitsi athu," anatero Tadala. "Za mizere zonse amatiphunzitsa ndi iwowa."

"Eee, ndiye tili ndi mwayi! A Pulofesa, bwerani mutionetse."

Ndinalibe kothawira. Ndinasiya fayilo pa mwala, ndinapinda malaya, ndinasankha khasu, ndipo ndinaunga mzere. Ndinena mosadzitama: unali mzere wokongola. Wowongoka ngati wojambula ndi rula, wosalala pamwamba, woti ungauike pa chikuto cha buku. Ophunzira anaomba m'manja.

A Nankhoma anapita pa mthunzi, anatunga madzi akumwa m'chidebe ndi chikho, anabwera ndi kuwathira mu ngalande ya mzere wanga. Madzi aja sanaganize kawiri. Anauyamba ulendo wotsetsereka, anatenga dothi panjira, anadutsa pakati pa miyendo ya Madalitso, ndipo ine ndikukhulupirira kuti anakafika pa basi, chifukwa a Zimba amati anamva galimoto ikutitimira pang'ono nthawi yomweyo.

Kenako anatunganso chikho china, anathira mu ngalande ya mzere wawo, wokhotakhota ngati njoka yokhuta. Madzi anaima pomwepo, anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa pansi.

"Kuno mzere sitiuyesa ndi maso a mwini wake," anatero a Nankhoma. "Timafunsa madzi. Akathawa, gumula. A Pulofesa, gumulani."

Ndinagumula, pamaso pa kalasi yanga yonse.

Chodabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo ana aja anasintha. Aliyense ankafuna mzere wake ufunsidwe. Chikho chinayendayenda mpaka a Nankhoma anachenjeza kuti madzi akumwa atha. Tadala anagwada, kuyang'ana mmene mzere wotsogolera unkakhotera motsatira phiri, ndipo anayamba kufunsa: anaupeza bwanji popanda chingwe ndi choyezera, udzu wa m'malirewo anaudzala liti, timizere topingasa m'ngalandemo amatiika motalikana bwanji. A Nankhoma ankayankha khasu lili m'manja. Mnyamata wina, amene m'kalasi mwanga ndinkamudziwa ndi pamwamba pa mutu pokha chifukwa chogona, anatsatira chigwembe chimene chinadula msewu, anakwera nacho phiri, n'kubwera akuthamanga.

"Aphunzitsi! Madzi amene atimiza basi akuchokera m'munda uwo, wa mizere yoloza kumunsi!"

"Wa alamu anga umenewo," anatero a Nankhoma. "Pitani mukawauze inuyo ophunzira. Ine ndikawauza amati ndi nsanje."

Mzere wachinayi wa Madalitso unasunga madzi. Mnyamata uja anaponya khasu, anavina pakati pa munda, thope mpaka m'makutu, akufuula kuti wina amujambule atumizire amayi ake. Mayi wina wa m'gulumo anamuuza kuti akalimbikira chonchi zaka ziwiri, mwana wawo wamkazi angamuganizire.

Tinafika pa chulu cha m'ma fili koloko. Kunabwera ndowa ya thobwa, tinamwa mosinthana zikho, manja ali matuza okhaokha. Kenako gulu lonse linatsikira kumsewu. Anakumba kutsogolo kwa matayala, anaponyamo miyala ndi nthambi, a Nankhoma anauza a Zimba kuti asiye kuponda mafuta ngati akupha njoka, ndipo basi inatuluka. Mphindi zitatu. Ndinawerenga ndekha. Tinawasiyira kabichi yense wa pa Chezi, ndipo basi inapepuka moti pa Ntchisi boma tinangodutsa ngati mphepo.

Ku Malomo tinafika dzuwa litafiira. Pa malo a msonkhano tinapeza mabenchi atasanjidwa bwino pansi pa mtengo, ndi mbuzi imodzi itagona pa benchi ya alendo olemekezeka. Telala wa pakhonde lapafupi anatiuza kuti a kalabu anatidikira mpaka thu koloko, anaimba nyimbo zonse zolandirira alendo kawirikawiri, kenako anapita kukadzala. Ndinalemba kalata yopepesa, ndinamusiyira telalayo. Pobwerera tinadzera njira ya phula, ya ku Mponela, ndipo a Zimba sanatchulenso za mbeta.

Mayi Kachale sanalembe kanthu njira yonse yobwerera. Zimenezi zinandiopsa kuposa kulemba kuja. Munthu akasiya kulemba ndiye kuti mlandu watha.

Patapita sabata ziwiri komiti inandiitana. Ndinavala suti ya Mgonero, kuti ngati n'kuikidwa m'manda ndiikidwe ndikuoneka bwino. Wapampando anapempha Mayi Kachale kuti awerenge lipoti. Anaimirira, anatsegula fayilo.

"Ulendo unanyamuka mochedwa ndi maola awiri. Pa Chezi ophunzira sanaone munda, anaona msika. Panjira gulu linaimbira nyimbo ya maliro munthu wamoyo. Ku Malomo tinafika eni ake atapita. Pa zinthu zinayi za pa ndandanda, zimene zinachitika pa nthawi yake palibe."

Wapampando anayamba kutseka cholembera chake. Ine ndinayamba kuganiza za phiri la choko.

"Sindinathe," anatero Mayi Kachale. "Sabata yatha ndinakhala nawo m'kalasi mwa bambowa osawauza, kumbuyo. Ana anafunsa mafunso mpaka belu linalira, ndipo palibe anatuluka. Ndagwira ntchito pano zaka zambiri, belu likulira ana osatuluka sindinalionepo. Maganizo anga ndi akuti maulendowa apitirire, ndipo afike ku makalasi onse. Ndandanda izikhala ya masiku awiri, chifukwa tsiku loyamba ndi la msewu."

Wapampando anatsegulanso cholembera. Anafunsa ngati pali wotsutsa. Anthu anayang'ana manja a Mayi Kachale, amene anali akadali ndi zipsera za mpini, ndipo wotsutsa sanapezeke.

"Pali chinthu chimodzi chomaliza," anatero mayiwo. "Mphunzitsi aliyense wotsogolera ulendo azitsogola yekha kaye, akagwire ntchito imene akufuna kukaonetsa ana. Tiyambira bambowa. Ndalankhula kale ndi a Nankhoma pa foni."

Ndiye Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi, kenako kabaza, khasu langalanga latsopano lili paphewa. A Nankhoma anandilandira bwino kwambiri. Anandiyendetsa munda wonse, chimanga chitamera mizere yonse, mpaka tinakafika kumapeto kwenikweni, kuseri kwa chulu, pa kachigawo kamiyala kumene ngakhale mbuzi sizipitako.

"Muyambire apa, a Pulofesa," anatero, akundipatsira chikho. "Apa ngakhale mulakwitse, palibe amene agone ndi njala."